Botolo la mu Shedi ku Balbriggan

Yamikani ndi Thoko, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndalemba. Za ubwana wanga musaziyembekezere muno, zimenezo mukafunse amalume anu, iwo ndi amene amadziwa kukometsera nkhani. Ine ndiyambira pomwe ndinalandira malipiro anga oyamba m'dziko lino. Mayina a anthu ndawasintha onse, ndipo mwini wake wa nkhani imene imandiwawa kwambiri muno anandilola kuti ndiilembe. Akanakana, ndikanapita nayo kumanda.

Chaka changa cha 5 ku Ireland: Balbriggan

Zaka zinayi zoyambirira tinazithera ku hositelo ya anthu opempha malo okhala, kudikira mapepala, osaloledwa kugwira ntchito ngakhale yosesa. Inu munali aang'ono, mumangokumbukira bwalo losewerera. Ine chimene ndimakumbukira ndi fayilo yanga. Tsiku lina kalata ya mlandu wanga inasiyidwa yotsegula pa tebulo la pakhomo, ndipo pofika nthawi ya chakudya chamadzulo hositelo yonse inali itadziwa chimene ndinathawira kwathu, ndi zimene abale a bambo anu anandichita iwo atamwalira. Azimayi ankandiyang'ana ndi chifundo, koma chifundo chija chofuna kumva zambiri. Munthu mmodzi yekha amene sanandifunse kanthu anali mayi a Tadala, a chipinda choyandikana ndi chathu. Anangobwera n'kukutengani nonse awiri, kukakusambitsani ndi kukudyetsani pamodzi ndi mwana wawo wamkaziyo, ine n'kupeza mpata wolira ndekha. Kuyambira tsiku limenelo tinkaitanana kuti achemwali, ndipo amuna awo, a Kamwendo, anasanduka alamu anga.

Mapepala atatuluka, mabanja athu onse awiri anapeza nyumba ku Balbriggan, ndipo ine ndinalembedwa ntchito ku nyumba yosamalira okalamba. Ntchito yake inali yonyamula anthu: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Tinkayenera kukhala anayi pa shifiti koma masiku ambiri tinkakhala awiri, ndipo magolovesi akatha Lachisanu tinkauzidwa kuti tidikire Lolemba. Msana wanga uwu, umene mumandiseka nawo ndikamadzuka pa mpando, unathera kumeneko. Bwana wathu anali nesi wamkulu wina wolusa, wosaseka ndi munthu, koma ndi yemweyo amene anaona mmene ndinkalembera pa makhadi a odwala. Atandifunsa, ndinamuuza kuti kwathu ndinagwirapo pa windo la mankhwala pa kachipatala ka mishoni. Anandikalipira ngati ndamubera kanthu, ati ndikuonongeranji msana pamene mutu ndili nawo, ndipo mawa lake anandibweretsera fomu ya kosi ya othandizira ku famase, sitolo ya mankhwala. Ndinaiphunzira zaka ziwiri, mabuku ndikuwerengera m'sitima yopita m'tauni. Mayi ameneyo sindinamuthokoze bwino, ndinkamuopa.

Chaka cha 9: Coolock

Famase yanga yoyamba inali ku Coolock, pakati pa sitolo ya matayala ndi ina ya makapeti. Mwini wake, bambo Fintan, anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Sabata yoyamba yomweyo ndinalakwa. Kunalowa mayi wina amene ndinali nditamuthandizapo kamodzi, ine ndi nsangala za kwathu ndinamulonjera mokweza n'kumufunsa ngati mapilitsi a shuga aja akumuyanja. M'sitolo munali anthu ena atatu. Mayiyo nkhope inafiira, anatenga phukusi lake n'kutuluka, ndipo sanabwerenso. Kwathu pa windo paja tinkaitana dzina ndi mankhwala omwe, mzere wonse ukumva, ena mpaka kuyamba kupereka malangizo, ndipo palibe ankaona cholakwika. Bambo Fintan sanandikalipire. Ananditengera kuseri n'kundiuza kuti munthu akatipatsa pepala la dokotala amakhala ngati wativulira malaya, ndiye si bwino kuitana odutsa kuti adzaone. Anatinso ngakhale abwere mkazi wa munthuyo, ngakhale wansembe wake, tisanene ndi zoti amagula kwa ife zomwe. Ndinakumbukira kalata yanga ija ya ku hositelo, ndipo manyazi amene anandigwira anaposa a munthu wokalipiridwa.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kabati ya chitsulo ndi buku lake. Mankhwala oopsa, monga aja opha ululu waukulu, amatsekeredwa ndi kiyi, ndipo alionse olowa kapena otuluka amalembedwa m'buku la masamba a manambala: tsiku, dzina la wodwala, komwe amakhala, dokotala wake, ndi kuchuluka kwa mankhwalawo. Sufufuta, sung'amba tsamba. Ukalakwitsa umalemba m'munsi kuti walakwitsa, n'kusaina. Wolemba anali bwana yekha, ine yanga inali yowerenga zotsala ndi kusunga mapepala. Buku limeneli ndinalikonda, ndinene zoona, chifukwa silinkanama komanso silinkayenda miseche. Chimene chinkativuta ndi kusowa kwa mankhwala. Abale athu kumudzi amaganiza kuti kuno zonse zimangopezeka, koma ine ndathera masana ambiri pa foni kupempha mafamase anzathu botolo limodzi la mankhwala a mwana, mayi ake atandiimirira pa kauntala. Bambo Fintan akasowa chochita ankatenga galimoto yawo n'kupita okha kukafuna.

Chaka cha 15: ku tchalitchi

Izi si za ntchito, koma mukapanda kuzidziwa simumvetsa zotsatirazo. Tadala anali ndi zaka 19, ali ku koleji, pamene bambo ake anapeza kapepala ka chamba m'thumba la jekete lake. A Kamwendo anali mkulu wa mpingo wathu, uja tinkasonkhana mu holo ya lendi, munthu woongoka, wosalawa ngakhale vinyo wa paukwati. Mng'ono wawo kumudzi anazungulira mutu ali mnyamata, ndipo banja lonse linkati ndi fodya wamkulu, choncho kwa iwo chamba sichinali nkhani yokambirana. Anamuuza mwanayo kuti akalape pamaso pa mpingo. Tadala, mwana wokulira kuno, anawayankha m'Chingerezi kuti wapepesa kwa makolo ake ndipo n'zokwanira, sakaima kutsogolo kwa anthu ngati mbava. Lamlungu lotsatira a Kamwendo anaimirira okha, Baibulo lili m'manja, n'kulumbira kuti iwo ali moyo chamba sichidzalowanso m'nyumba mwawo, ngakhale wochinyamulayo akhale magazi awo. Mpingo unati ameni. Inenso ndinati ameni, ana anga, sindikubisirani. Madzulo ake Tadala anatuluka ndi chikwama chimodzi. Mayi ake ankakumana naye mobisa m'tauni, kumupatsira chakudya m'makontena, koma pakhomo paja sanapondeponso, ndipo bambo ake sankalola kuti dzina lake litchulidwe patebulo.

Chaka cha 18, Novembala: Ongar

Bambo Fintan atakalamba n'kugulitsa famase yawo, ine ndinapeza malo ku ina ya ku Ongar, ndipo ndinasamukira kufupi ndi kumeneko. Bwana wanga watsopano anali Orla, mtsikana woti ndikanamubereka ine, wakuthwa mutu komanso wosachedwa kuseka. Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba chamba chololedwa ndi boma. Si chosuta ayi. Ndi mafuta a m'kabotolo kakang'ono, odonthezera pansi pa lilime, ndipo amene angalembere munthu ndi dokotala wamkulu wa kuchipatala yekha, pa matenda owerengeka, mankhwala ena onse akakanika. Mapepala ake ndi ambiri kuposa a ukwati. Botolo lililonse limaitanitsidwa pa dzina la mwini wake, limagona m'kabati ya chitsulo, ndipo limalembedwa m'buku muja. Tsiku loyamba ndinaligwira ndi nsonga za zala ngati lindiluma, Orla n'kundiseka mpaka misozi.

Lachiwiri lina m'mawa ndinatuluka kuseri, Orla n'kundipatsira pepala la dokotala kuti ndilowetse m'kompyuta. Ndinawerenga mankhwala, ndinawerenga dzina, kenako ndinadzutsa mutu. Kutsidya kwa kauntala kunaima bambo woonda, chipewa chofika m'maso. Anali a Kamwendo. Tonse mumpingo tinkadziwa kuti ali ndi khansa ya m'matumbo, kuti mankhwala a kuchipatala ankawasanzitsa mpaka madzi omwe osakhazikika, ndipo tinali titawasalira kudya kawiri. Tsiku limenelo anali atakwera sitima kuchokera ku Balbriggan mpaka m'tauni, kenako basi, kudutsa mafamase osawerengeka, kuti akafike kumene kulibe Mmalawi wowadziwa. M'mutu mwawo ine ndinali ndikadali ku Coolock. Za kusamuka kwanga ndinali nditauza akazi awo, koma iwo nthawi imeneyo anali atagonekedwa m'chipatala. Nawonso anandiona. Sindinaonepo munthu wamkulu akuchepa chotero pamaso panga.

Ndinapempha Orla kuti ndilankhule nawo m'kachipinda kokambiranamo ndi odwala. Nditangotseka chitseko anayamba ndi iwo.

"Alamu, lembani dzina lina. Lembani lililonse limene mungafune. Langa lisakhale m'buku la chamba."

Ndinawauza kuti sizingatheke, kuti dzina labodza m'buku lija likhoza kutseketsa famase ndi kumangitsa bwana wanga, komanso kuti dzina lawo linali kale kwa dokotala ndi ku boma. Anafunsa amene amawerenga bukulo. Ndinawawerengera pa zala: bwana, ine, ndi oyendera a boma akabwera. Anafunsa ngati abusa angalione, ngati akazi awo atafunsa angauzidwe. Ndinati ayi. Anafuna kuti ndigwire Baibulo, ine ndinati lamulo linandilumbiritsa kale, musavutike. Apo ndi pamene anakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Anati akhala akuwakana mankhwalawa miyezi itatu, mpaka dokotala anawauza mosabisa kuti akapitiriza kusadya chithandizo chonse chiimitsidwa.

"Koma m'nyumba sililowa," anatero akupukuta m'maso. "Ndinalumbira."

Ndipo silinalowedi. Kuseri kwa nyumba yawo kunali shedi ya matabwa yosungiramo makina otchetchera udzu. Botolo linkakhala mmenemo, m'kati mwa jombo yakale, lebulo atamatula. M'mawa ndi madzulo, m'kuzizira kwa kuno kolowa m'mafupa kuja, munthu wodwala khansa ankavala jekete n'kupita ku shedi, atawauza akazi awo kuti akukapemphera payekha. Ndinawauza kuti kumeneko n'kudzinamiza, shedi ndi nyumba mpanda wake ndi umodzi, koma sanandimvere. Mankhwala anagwira ntchito. Pofika Khrisimasi ankadya, masaya anayamba kubwerera, ndipo mayi a Tadala anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti mapemphero a mu shedi ayankhidwa. Anthu anaomba m'manja, ine ndinayang'ana pansi.

Mwezi uliwonse ankabwera kudzatenga botolo lina, ndipo akasaina sankafulumira kutuluka. Ankafunsa ngati ndamuonapo Tadala. Ankafunsa ngati waonda, ngati ali ndi jekete lotentha, ngati nyumba imene akukhala ili ndi hita, ngati sukulu ija anamaliza. Munthu amene kwawo sankalola kuti dzinali limveke, kwa ine ankalitchula mpaka kasanu pa ulendo umodzi. Poti ndi alamu anga ndinkawalankhula mosawaopa. Ndinkawauza kuti foni ali nayo m'thumba, amuimbire mwanayo, manyazi anapha lambe. Mu Januwale anandiyankha.

"Ndikamuitana ndimuuza chiyani, alamu? Kuti chimene ndinamuthamangitsira ndi chimene chikundidyetsa? Ndiye zaka zitatu zonsezi mwana wanga wavutikiranji?"

Ndinati ndi zomwezo zoti mumuuze. Anati Pasaka ikadutsa, akapezako mphamvu, adzauza akazi awo poyamba, kenako mwanayo, kenako mpingo. Anandipemphanso kuti za mafunso awowa ndisauze munthu, chifukwa anthu akamva kuti timaonana adzafunsa kuti timaonerana kuti. Ndinavomera msanga, osaganiza kuti ndavomera chiyani.

Febuluwale wotsatira

Mayi a Tadala anatulukira ku famase nthawi ya nkhomaliro, osandiimbira foni. M'manja anali ndi kathumba kathu ka pepala, kolembedwa dzina la famase, kamene anakapeza m'jekete la amuna awo. Tinakakhala pa benchi panja, mphepo ikutimenya. Sanazungulire. Anati mankhwala onse a amuna awo amakatenga ndi iwo ku Balbriggan komweko, ndipo amawadziwa ndi mitundu yomwe, nanga ndi ati amene munthu wodwala angawakwerere sitima ndi basi n'kuwabisa? Yankho lawo anali atalipeza kale. Ankaganiza kuti ndi matenda aja, kuti amuna awo anawayenda njomba kalekale ndipo akumwa ma ARV mobisa. Anali atapita okha kukayezetsa, ndipo ngakhale anawapeza alibe, mtima sunakhale pansi. Anali atasamuka kuchipinda chawo, akugona kuchipinda cha Tadala.

"Achemwali, sindikuti mundionetse buku lanu. Ingogwedezani mutu. Ndi amenewo kapena si amenewo?"

Ana anga, m'zaka zanga zonse za ntchito palibe funso linandilemera ngati limenelo. Ndikanati si amenewo, ndikanakhala ndavomera kuti amabwera ndipo ndikudziwa, ndiye funso lotsatira likanakhala lakuti nanga ndi ati. Ndinagwira khosi langa kuti lisagwedezeke. Ndinawayankha ndi mawu aja a bambo Fintan, koma m'Chichewa chathu chomwechi: kuti sindingathe kunena za munthu aliyense, ngakhale zoti amagula kwa ife kapena ayi, akafunse mwini wake. M'Chingerezi mawu amenewa amamveka aulemu. M'Chichewa, kwa munthu amene anakulerera ana, amamveka ngati chipongwe. Anandiyankha kuti sankadziwa kuti ndinasanduka mzungu. Anakwera basi osanditsanzika. Nditaweruka ndinawaimbira a Kamwendo n'kuwakalipira kuti akupasula banja chifukwa chofuna kusunga mbiri. Anawalumbirira akazi awo kuti si matenda amenewo, koma za botolo sananene, ndipo mayiwo sanawakhulupirire.

Patapita sabata ziwiri, Lachiwiri, ndinakumana ndi Tadala m'basi yopita m'tauni. Anali atavala yunifolomu ya sitolo ya zovala, ndipo jekete lake linali lopyapyala ndithu, monga bambo ake ankaopera. Anandikumbatira n'kukhala pafupi nane. Tinacheza ine Chichewa iye Chingerezi, monga mumandichitira inu. Mayi ake anali atamuuza kuti matenda ndi aakulu. Tadala anati kawiri konse anakwera sitima mpaka pa siteshoni ya Balbriggan n'kubwerera pomwepo, chifukwa sakanapirira kuti munthu wodwala adzuke pabedi kudzamuthamangitsanso. Kenako anandifunsa mosapita m'mbali ngati bambo ake amamutchulako.

Mawu anafika pamlomo penipeni. Ndikanangoti, mwana iwe, bambo ako amafunsa za jekete lako mwezi ndi mwezi. Koma mutu wanga unathamangira ku funso lotsatira, lakuti amakufunsirani kuti, Anti? Ndinaganiza za buku, za Orla, za lonjezo langa kwa alamu, za ntchito yanga imene inatsala zaka zochepa kuti ndipume. Pansi pa zonsezo panali mantha aja a ku hositelo, oti m'dziko la eni ukaphonya lamulo limodzi amakutsegulira fayilo. Mantha amenewo sanandichoke ngakhale nditalandira pasipoti ya kuno.

"Bambo ndi bambo, Tadala. Pita ukawaone."

Ndi zokhazo zimene ndinanena, mawu opanda mchere oti aliyense akanawanena. Anamwetulira pang'ono, anati wamva, kusayankha kwanga kwamuyankha. Anatsika pa siteji yotsatira, imene sinali yake.

Epulo ndi Meyi

A Kamwendo sanaione Pasaka. Matenda anali atafalikira mwakachetechete pamene ife tinkasangalala kuti akudya. Anagwa Lolemba, ndipo Lachitatu m'mawa mayi a Tadala anamuimbira mwana wawo kuti asiye zonse abwere. Anathamanga, koma anapeza atawaphimba kale. Tinawaika konkuno. Pa maliro Tadala anakhala pa mpando wakumbuyo ngati mlendo, ndipo abusa anayamikira malemu kuti anali munthu wosunga mawu ake mpaka imfa. Ine ndinaphika ndi azimayi anzanga, ndinatsuka mbale, koma namfedwa sanandiyang'ane.

Mu Meyi, mayi a Tadala akukonza mu shedi, anapeza botolo m'jombo muja. Pansi pake panali envulopu, m'kati mwake malebulo onse asanu ndi limodzi, osanjidwa bwino mwezi ndi mwezi. Alamu anga anali munthu wadongosolo, ndipo ndikuganiza kuti ankaopa kutaya mu bini pepala lokhala ndi dzina lawo pamodzi ndi dzina la mankhwalawo. Mayiwo anabwera nazo zonse ku Ongar n'kuziika pa kauntala pamaso panga. Mankhwala otere akabwezedwa amalembedwanso, choncho ndinatulutsa fomu.

"Miyezi iwiri yomaliza ya mwamuna wanga ndinagona chipinda china, ndikumuyesa wachigololo," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga akugona m'nyumba za eni chifukwa cha fodya yemweyu. Inu mukudziwa, achemwali. Mukundiona ndikuchitira umboni m'tchalitchi, inu mukudziwa."

Ndinangoti pepani. Orla anaona kuti zinthu sizili bwino, anatuluka n'kuyamba kuwafotokozera mwaulemu kuti ine ndinalibe ufulu wonena kanthu, kuti lamulo limateteza wodwala aliyense, iwonso omwe. Anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anamuyankha m'Chingerezi chabwinobwino kuti lamulolo akulidziwa, koma iwo sanabwere kudzalankhula ndi lamulo, abwera kwa mchemwali wawo. Anatenga envulopu ija, botolo anasiya, n'kutuluka. Anasintha mpingo chaka chomwecho. Masiku ano timakumana pa maliro a Amalawi anzathu, timapatsana moni wa anthu ongodziwana nkhope. Thoko, unandifunsa kangapo chifukwa chimene anti ako aja sanabwere ku ukwati wako, ine n'kukuuza kuti miyendo ikuwavuta. Chifukwa chake ndi chimenechi.

Chaka cha 21: kupuma

Ndinagwirabe zaka zina pa famase ija. Za botolo lija, mpaka lero ndimati ndinachita bwino. Munthu ali ndi ufulu wodwala popanda mpingo kumuwerengera mankhwala ake, ndipo pakanapanda chinsinsi chimenecho alamu anga sakanalandira n'komwe chithandizo, akanafa ndi njala chaka chisanathe. Anthu ena amene ankabwera kudzatenga mafuta omwewo, nawonso ankayang'ana kumbuyo asanatchule dzina lawo, ndipo ankatuluka mtima uli pansi chifukwa ankadziwa kuti pakamwa pathu n'potseka. Tsiku langa lomaliza Orla anagula keke ndi maluwa, n'kuuza anzathu kuti m'zaka zonsezo oyendera sanapezepo cholakwika pa mapepala amene ndinkasunga ine. Ndinasangalala, sindikana.

Patangopita mwezi nditapuma, Tadala anagogoda pakhomo panga masana, mwana wakhanda ali kumsana, atamubereka ndi chitenje cha mayi ake. Anali atauzidwa zonse za botolo, ndipo anati zimenezo zinamuseketsa tsiku loyamba, n'kumuliza masiku otsatira. Sanabwerere zimenezo. Atamwa tiyi anaika kapu pansi n'kundifunsa m'Chichewa, Chichewa chopunduka koma Chichewa, koyamba chikulire.

"Anti, adadi ankanditchula?"

Ulendo uno ndinamuuza. Ndinamuuza za jekete, za hita, za sukulu, za kulira kwawo m'kachipinda kaja, ndi za funso lawo lakuti mwana wanga wavutikiranji. Ndikulankhula choncho ndi pamene ndinazindikira kuti palibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi chimene chinalembedwa m'buku. Lamulo linkandiletsa kunena za mankhwala. Zoti bambo akusowa mwana wake sizinali za famase, ndine ndinazitsekera m'kabati imodzi ndi botolo chifukwa cha mantha. Tadala sanalire. Anamvetsera akusisita mutu wa mwana wake, kenako anafunsa kuti anayamba liti kufunsa. Ndinati Novembala. Anawerenga miyezi pa zala, n'kufunsa ngati tsiku lija m'basi ndinali ndikudziwa kale. Ndinati eya. Anati nkhaniyi ndidzailembe, inu ana anga mudzaidziwe, ndipo anaimirira n'kumangitsa chitenje chake. Ali pakhomo anatembenuka, wopanda mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo bola akanakwiya.

"Mukanandiuza Lachiwiri lija, Anti, Lachitatu ndikanapita. Zoti mumaonerana kuti, sindikanafunsa n'komwe."